Nkhope ya Mphaka wa Emmett

Mphaka wa m'makatuni a ku situdiyo ya a Sorensen anali ndi nkhope ya Emmett Pruitt, ndipo ngakhale mlonda wa pageti ankadziwa zimenezo. Wojambula aliyense kumeneko ankakhala ndi kagalasi patebulo pake. Akafuna kuti mphaka adabwe, ankayamba wadabwa iye mwini pagalasipo, n'kukopera ndi pensulo zimene waonazo. Ukadutsa pansi pa mawindo awo m'mawa unkaona amuna akuluakulu, ena a imvi zawo, akutulutsa malilime, akutong'ola maso, wina akudzikoka tsaya, popanda woseka ndi mmodzi yemwe poti inali ntchito. Emmett ndiye anali mwini mphaka. Nsidze ya kumanzere ikakwera yokha inzake ili pansi, ameneyo anali Emmett akuganiza zokaba nyama mumphika. Mphaka akamwetulira mbali imodzi, lilime litatupitsa tsaya, anali Emmett atagwidwa bodza.

Verna, mkazi wake, ankagwira ntchito tsidya lina la bwalo, kunyumba ya inki. Kumeneko kunali akazi okhaokha, ndipo lamulo linkati mkazi asaponde kunyumba ya ojambula kuopa kuti amuna aja angasokonekere mitu, ngati kuti mituyo inali yolongosoka kale. Zojambula za pensulo zinkabwera m'mitolo. Verna ankaika pamwamba pa chojambula chilichonse pepala la pulasitiki loonekera mbee, limene ankalitcha selo, n'kulondola mzere wa pensulo ndi inki. Ena ankapaka penti kuseri kwake, kenako maselo ankapita kukamera limodzilimodzi. Mzere wa mwamuna wake Verna ankauzindikira pakati pa mizere ya amuna onse aja, monga mmene mayi amazindikirira kulira kwa mwana wake.

Nkhondo inamutenga Emmett katuni ya mphaka m'nyumba yophikira buledi isanathe. Ndege imene anakwera inagwera m'nyanja ya Pacific, ndipo sipanapezeke ngakhale nsapato yoti n'kuika m'manda. Amayi a kutchalitchi anabwera ndi mbale zawo za chakudya, analira, anatsuka mbalezo, anapita. Verna sanalire. Anaidikira misozi monga mmene ankadikirira sitima yofiira ya mumsewu, koma siinabwere, ndipo Lolemba anavala magolovesi ake oyera n'kubwerera kuntchito.

Chimene chinkamuopsa chinali china. Nkhope ya Emmett inayamba kumuthawa. Akatsinzina ankaona khutu, ankaona tsitsi lija losamva chipeso, koma nkhope yonse inkakana kubwera. Zithunzi sizinkathandiza. Pa chithunzi chaukwati ndi pa cha yunifolomu panali munthu wouma ngati wameza ndodo, poti Emmett ankachita manyazi ndi kamera. Malo amene ankamupeza ali wamoyo anali amodzi okha, pa mphaka uja.

Masana dzuwa likalowa pawindo, Verna ankanyamula selo louma n'kuliyang'anitsa kumapiri. Mphaka ankayandama pamwamba pa minda ya malalanje, mchira uli ku mtambo, mapazi akuponda nthambo za magetsi, ndipo nkhungu yochokera kunyanja inkadutsa m'mimba mwake osamunyowetsa. Akapendeketsa selo pang'ono, nsidze ija inkakhala ngati yakwera. Nthawi zina ankamva ndithu mawu a Emmett akuti, "Ukundiyang'ana chiyani, Vee? Ntchito yatha?" Ankakhala choncho mpaka Mayi Haskell, oyang'anira nyumba ya inki, atagogoda tebulo ndi rula.

Koma maselo sankakhalitsa. Pulasitiki inkasowa chifukwa cha nkhondo, choncho kamera ikangomaliza, maselo ankapita kukatsukidwa m'chibafa kuseri kwa nyumba kuti agwirenso ntchito ina. Madzi otuwa, mtundu wa ubweya wa mphaka, ankayenda m'ngalande kudutsa pansi pa windo la Verna. Chotsala chinali filimu yokha. N'chifukwa chake Verna ankafuna chinthu chimodzi basi pa dziko lapansi: katuni ija ithe, ndipo mphakayo akhale Emmett kuyambira poyamba mpaka pothera, kuti pakhale penapake pamene mwamuna wake ali wathunthu.

Nkhani ya katuniyo inali yopusa monga zinzake zonse. Mphaka akuthamangitsa kakhoswe m'nyumba ya buledi, ufa uli tolotolo, mazira akuuluka. Kakhoswe kakugwera m'chibeseni cha ufa wokanda, mphaka akuponya zonse mu uvuni, akutseka, akuvina. Potsegula akupeza kabuledi kooneka ngati khoswe, makutu ndi mchira womwe. Pamenepo ndi pamene Emmett anasiyira. Chotsatira chinali chakuti mphaka akhale pansi, kabuledi kali m'manja, azindikire kuti alibenso womuthamangitsa, alire. Kenako kakhoswe, kamene kanathawa kalekale, kamugwire paphewa.

Mbali yotsalayo anaipereka kwa Wendell Tack, nkhalamba ya nkhope yaitali ngati ya hatchi, imene inayamba kujambula kalekale, makatuniwo asanayambe kukhala ndi mawu. Wendell anali katswiri, palibe ankatsutsa. Koma galasi silinama. Mphaka wake akalira ankatuluka ali Wendell, masaya ali lendelende, maso ngati a munthu wodwala m'mimba.

Tsiku lina a Sorensen anaoloka bwalo n'kudzaima pakhomo la nyumba ya inki, chipewa chili m'manja. Atsikana anayamba kuimba mluzu.

"Bwana, muno amuna salowa," anatero Mayi Haskell. "Lamulolo munaika nokha."

"Sindikulowa, mayi. Onani mapazi angawa, ali panja. Ndikufuna Mayi Pruitt."

Opal, mnzake wa Verna wa tebulo loyandikana, anamugunyuza ndi chigongono. "Pita iwe. Ukationere ngati n'zoona kuti amuna aja amagona pansi pa matebulo."

Panja a Sorensen anazungulirazungulira, za nyengo, za malalanje, za mwendo wawo wovuta. Kenako anafika pa chimene anadzera.

"Mayi Pruitt, mundikhululukire, ndine munthu wopanda ulemu, aliyense amadziwa. Mphaka watithawa. Wendell wayesa, ine ndayesa, tonse tikungotulutsa amalume ake a mphaka. Tiuzeni, Emmett akamalira ankaoneka bwanji?"

Verna anayang'ana ngalande ija. "Ndikuthandizani," anatero. "Koma mphakayo akhale Emmett mpaka mapeto. Musandiikiremo munthu wina."

"N'chimene tikufuna tonse, mayi."

Verna anakwera masitepe a nyumba yoletsedwa ija. Munkanunkha fodya, khofi wopsereza ndi masokosi. Amuna onse anabisa malilime awo n'kumuyang'ana mwaulemu. Tebulo la Emmett linali pakona, losakhudzidwa, ndipo pakagalasi pake panali chidindo cha chala chakuda ndi pensulo. Wendell anamukokera mpando, iye n'kukhala pambali, pepala lili pabondo.

"Musandiwerengere ine, mayi," anatero. "Ine ndine mpando. Inu mungokumbukira."

Verna anayamba bwino. Anawauza mmene Emmett ankasekera, mmene ankakwiyira galimoto ikakana kulira, mmene ankanamizira kugona mbale zikachuluka. Anakweza nsidze pagalasi, anatupitsa tsaya ndi lilime, mpaka Wendell anaseka. Kenako anafika pa kulira, n'kupeza kuti palibepo kanthu. Anafufuza tsiku la maliro a apongozi ake, koma tsikulo Emmett analithera pansi pa galimoto ya abusa akukonza chimene sichinawonongeke. Anafufuza tsiku limene dokotala anawauza kuti mwana sadzabwera, koma tsikulo Emmett anamugulira ayisikilimu n'kumuvinira pamsewu mpaka wapolisi anawathamangitsa. Pa siteshoni, tsiku lonyamuka, ankamuchitira nkhope za mphaka pawindo la sitima. Zaka zonse zija sanamuonepo akulira, ndipo mwayi wouona unali utapita.

Anayang'anitsitsa pagalasi. Chipinda chinatalikira. Ankangomva pensulo ya Wendell ikukanda pepala, kutali, ngati khoswe kudenga. M'galasimo munali windo, m'windomo munali mapiri, ndipo ankaganiza kuti akadekha mokwanira nkhope ina ibwera kuchokera kumapiriko kudzakhala pamwamba pa yake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero. Anadekha mpaka belu la nkhomaliro linalira, koma m'galasimo munali iye yekha.

"Pepani, a Tack," anatero poimirira. "Ndakutayitsani nthawi."

"Simunanditayitse kanthu, mayi," anayankha Wendell, akutembenuza pepala lake chafufumimba.

Patapita masiku mtolo wa mbali yolira unafika patebulo la Verna. Chojambula chimodzi sichiulula munthu, amaoneka zikayenda. Anagwira mapepala m'mphepete n'kuwayendetsa ndi chala monga Emmett anamuphunzitsira. Mphaka anakhala pansi. Anayang'ana kabuledi. Sanakuwe, sanagubuduke. Analuma mlomo wa m'munsi cha kumanja, chibwano chinanjenjemera, ndipo dzanja linakwera kukakonza ubweya kuseri kwa khutu, pamene panalibe chokonza. Verna anapeza dzanja lake lili kuseri kwa khutu lake.

Mkwiyo unamukwera mpaka m'maso. Amuna aja anamulonjeza, ndipo amubera nkhope yake. Koma anakumbukira kuti mzere womaliza ndi wa inki, ndipo inki inali m'manja mwake. Wolondola mzere akasuntha cholembera pang'ono chabe, kamwa limasintha, diso limasintha, ndipo palibe angaloze pamene zachitikira. Anaika selo loyera n'kuyamba kumubwezera Emmett pamalo pake. Anakweza nsidze ya kumanzere, mphaka anaoneka ngati akuganiza zodya kabulediko. Anatenga selo lina, anapinda kamwa mbali imodzi, mphaka anaoneka ngati akunyoza maliro. Anatenga lina. Dzanja lake linkadziwa Emmett woseka, Emmett wakuba, Emmett wabodza, koma likafika pa misozi linkangoima m'malere, inki n'kudontha.

"Verna Pruitt!" Mayi Haskell anali ataima kumbuyo kwake. "Maselo onsewa wawononga ndiwe? Ukuganiza kuti amamera m'munda mwa malalanje?"

"Musiyeni, mayi," anatero Opal osadzutsa mutu. "Lero dzanja lake laledzera. Ndiwatsuka ndekha."

Nthawi ya nkhomaliro Verna anamupeza Wendell pabenchi pansi pa mtengo, akudya buledi wa nyama ya m'chitini.

"A Tack, ndinu wakuba."

"Khalani pansi, mayi, mundilalatire bwino. Khosi langa silitha kuyang'ana m'mwamba."

"Sindikhala. Ndinati musaikemo munthu wina. Mwaikamo ine! Mukufuna dziko lonse, ana a sukulu ndi asilikali oledzera, azidzandiseka ine?"

Wendell anakulunga buledi wake pang'onopang'ono. "Mayi, ine ndimajambula chimene ndaona. Mutu wangawu ndi wouma, sutha kupeka. Emmett ndakhala naye chipinda chimodzi zaka zambiri, ndamuona akudya, akuyetsemula, akunama, koma akulira ayi. Inunso simunamuone. Ndiye ndikanatenga kuti? Tsiku lija m'chipinda monse munali nkhope imodzi yokha yodziwa kuti kutaya mnzako n'chiyani."

"Ine sindinalire."

"Misozi tiikamo ndife, ndi yosavuta. Timadontho ta buluu basi."

Verna anafuna kumumenya ndi chikwama, nkhalamba yosamva chisoni. Anabwerera kunyumba ya inki, anaika selo loyera, nalondola mzere wa Wendell monga unalili, mlomo wolumidwa, chibwano, dzanja kuseri kwa khutu. Anadzilondola yekha masana onse, chojambula ndi chojambula, ndipo zinkamupweteka ngati akudzisoka. Atamaliza anauza Mayi Haskell kuti mbali yotsala, ya kakhoswe kobwerera, aipereke kwa wina. Kwa iye katuniyo inali itatha, ndipo Emmett sanali wathunthu m'menemo.

Anasiya kuyang'anitsa maselo kumapiri. Mtolo womaliza unapita kwa Opal, amene anaugwira mwakachetechete, chinthu chachilendo kwa munthu amene ankalankhula ngakhale mapini ali kukamwa. Oimba anabwera ndi malipenga awo, munthu wa maphokoso anaswa mbale zake n'kumenya ziwaya, katuni inatha.

"Mawa masana akuionetsa kung'anjo," anatero Opal. Ng'anjo kanali kachipinda koonetsera filimu, kopanda windo, kotentha moti anthu ankatulukamo atapsa. "Ubwere."

"Ndikaoneko chiyani? Ndadziona kale."

"Iwe, ubwere basi. Ukapanda kubwera ndidzakunyamula ngati thumba la mbatata, nsapato zako zatsopanozo zikuonekera kumwamba."

Anabwera. Anakhala kumbuyo, pafupi ndi kabowo kotulukira kuwala, pakati pa Opal ndi khoma. Magetsi anazima. Fumbi linayamba kusambira m'kuwalamo, utsi wa ndudu za a Sorensen unakwera n'kulowamo, ndipo kutsogolo kunatseguka nyumba ya buledi, yachikasu, yofunda, moti Verna anamva fungo lake.

Emmett analowa chonyang'ama, nsidze ili m'mwamba. Anali wamkulu kuposa chitseko. Anaterereka pa batala, anagwa, anadzuka akumwetulira mbali imodzi ngati akuti sanagwe. Ufa unagwa ngati chipale, iye akuyenda m'menemo ali mbuu, akuphethira. Verna anaiwala kutentha, anaiwala Opal. Anali kukhitchini kwawo Lamlungu m'mawa, mwamuna wake akumuthamangitsa kuzungulira tebulo ndi supuni ya uchi. Amuna a kutsogolo ankaseka chikhakhali, koma kuseka kwawo kunkamveka ngati mvula ya padenga la nyumba ina.

Uvuni unatseguka. Mphaka anatulutsa kabuledi, anatembenukira kumbali ali Emmett, ndipo pobwerera anali Verna. Anakhala pansi. Analuma mlomo. Timadontho ta buluu tinayamba kugwa, choyamba kamodzikamodzi, kenako ngati mpopi, mpaka pansi panachita chithaphwi, mabanzi akuyandama. Chipinda chonse chinafa nacho chiseko. A Sorensen ankamenya mpando wa kutsogolo kwawo. Verna sanakwiye monga ankayembekezera. Anangomumvera chisoni mphakayo, atakhala yekha m'madzi ake, atagwira kabuledi kozizira ngati kangadzuke.

Kenako kuseri kwa thumba la ufa kunatuluka kakhoswe, kamoyo, kopanda ndi bala lomwe. Kanayenda pang'onopang'ono, kanakwera pampando, kanatambasula kadzanja n'kumugwira mphaka paphewa.

Mphaka anatembenuka. Verna ankadikira kuti aone nkhope ya hatchi ya Wendell, kapena nsidze yakale ya Emmett yokopera pa zojambula zina. Koma inali nkhope yake yomwe. Mlomo wolumidwa uja unamasuka. Maso anakula, anayamba akana, kenako anakhulupirira. Dzanja linachoka kuseri kwa khutu n'kupita pakamwa, mapewa anagwa, ndipo nkhope yonse inatseguka ndi chimwemwe chimene Verna anali asanachionepo pagalasi lililonse. Nkhalamba ija, imene inati mutu wake sutha kupeka, inali itamujambula mmene akanaonekera chitseko chikanatseguka n'kupeza Emmett ataima pakhomo, madzi a m'nyanja akudontha m'zovala.

Sizinatenge nthawi. Kakhoswe kanatulutsa chiwaya kumbuyo n'kumuphwanya nacho mphaka pamutu, malipenga analira, magetsi anayaka.

Anthu ankapukuta misozi ndi thukuta. A Sorensen anatembenuka pampando wawo, nkhope ili psuu. "Mayi Pruitt, mukuti bwanji? Tamupeza Emmett?"

"Ayi, bwana," anatero Verna. "Si iyeyo."

Wendell ankayang'ana nsapato zake. Verna anaimirira n'kugogoda pa kabowo ka woonetsa filimu.

"Achimwene, bwezani pamene akutembenuka paja. Mukafika pamenepo muimitse."

"Sizitheka, mayi," anayankha mawu kuseri kwa khoma. "Filimuyi ikangoima kutsogolo kwa getsi imagwira moto. Imaoneka ikamayenda basi."

Verna anakhala pansi. Misozi inali itayamba kale, yotentha, yopanda mtundu, ndipo sanaipukute.

"Ndiye iyendetseninso," anatero. "Kuyambira poyamba."